Mzati watsopano uyambe walowa

Sabata yatha ndinatsala pang'ono kugwetsa denga chifukwa cha mzati umodzi. Ndikunena za kalaputopu kanga kakale komwe ndinaikamo Debian, mtundu wina wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta. Ndimaphunzirirapo madzulo ndikaweruka, nditadzikulunga m'bulangete, poti kuno ku Dedza mwezi wa June suseka ndi munthu.

Aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti tichotse exim4, pulogalamu yotumiza maimelo imene Debian imakonda kuika, tiikemo postfix, inzake yogwira ntchito yomweyo. Ine ndinati zosavuta izi, chotsa ichi, ika icho. Ndinalemba apt remove exim4-base, poti apt ndiye chida choikira ndi kuchotsera mapulogalamu mu Debian. Pamndandanda wa zoti zichoke panatulukanso bsd-mailx, pulogalamu yolembera ndi kuwerengera maimelo, yomwe sindinaitchule n'komwe, komanso ndimaifuna. Chala chinali chitafika kale pa Y, batani lovomerezera. Chinandibweza ndi bandulo, ndisaname, poganiza kuti zonsezo ndidzazikoperanso pa intaneti ndi ndalama zanga.

M'mawa mwake ndinawaonetsa aphunzitsi. Anaseka n'kundifunsa kuti, "Kodi kwanu mzati wa khonde ukadyedwa ndi chiswe mumayamba n'kuuzula?" Ndinati ayi aphunzitsi, timayamba tachirikiza denga ndi mtengo wina. "Basitu," anatero.

Apa m'pamene ndinamvetsa. Bsd-mailx ilibe nazo ntchito kuti wotumiza maimelo ndi exim4 kapena ndani. Imangofuna kuti pakhale aliyense wogwira ntchitoyo, ndipo ntchitoyo ili ndi dzina lakelake, mail-transport-agent. Dzinali si pulogalamu yoti ungaikope, lili ngati udindo. Exim4 imati udindowu ndi wanga, postfix nayo imatero, pamzere wotchedwa Provides m'mafotokozedwe a pulogalamu iliyonse. Pamzere wina, wa Conflicts, iliyonse imanena kuti singakhale pamodzi ndi mnzake wa udindo womwewo. Ndiye ukalamula kuti exim4 ichoke, apt imaona mpando uli mbee, n'kuchotsanso onse odalira mpandowo. Koma ukangolemba apt install postfix, imachotsa yokha exim4 ndi kulowetsa postfix pa ulendo umodzi, bsd-mailx osakhudzidwa.

Ndinayamba ndayeserera ndi apt -s install postfix. Ka -s kameneka kamangoonetsa zomwe zikanachitika popanda kusintha kanthu. Ndikanakadziwa kale, bwenzi mtima usanagunde usiku uja. Aphunzitsi anandionetsanso kuti ukaika kachizindikiro kochotsera (-) kumapeto kwa dzina la phukusi la pulogalamu, pamzere womwewo wa install, phukusilo limachoka pamene linalo likulowa. A Fedora, mtundu winanso wa Linux, ali ndi lamulo lake lenileni, dnf swap, umangotchula chakale kenako chatsopano.

Mnzanga wina anadutsa njira yachidule, dpkg -r --force-depends, lamulo lochotsa phukusi mokakamiza ngakhale ena akulidalira. Inagwira, inde, koma apt inayamba kudandaula kuti pali zosweka, mpaka anathamangira apt --fix-broken install. Ine njira imeneyo sindiikonda. Uku n'kuzula mzati uja n'kuuza denga kuti lidikire.

Chomwe chikundisautsabe ndi zotsalira. Exim4 inachoka koma mafayilo ake a makonzedwe akadali mu /etc/exim4, poti remove sawakhudza, amafuna purge. Ndawasiya dala mpaka nditaona imelo yoyamba yadutsa pa postfix, ndipo imeneyo ndiyesa Loweruka magetsi akakhalapo.