Chilembo chimodzi chinandigoneka pa Chileka masiku 4

Ndafika pabwalo la ndege la Wonderboom ku Pretoria dzulo madzulo, ndege ndaisiya m'manja mwa amakaniko, koma mtima ukuwawabe ndi zomwe ndinaona pa Chileka sabata yatha. Ndati ndilembe zisanazizire, kuti wina wofuna kutuluka m'dziko ndi kandege kakale asadzagwe m'mbuna yomweyi.

Yathu ndi Cessna 172 ya 1966, ija ya injini ya Continental O-300 ya masilinda 6. Tinaigula anthu atatu mosonkherana. Injini imeneyi imayenera kuphwasulidwa yonse ikakwana maola 1,800, ndipo yathu yatsala pang'ono, ndiye tinagwirizana kuti ndiiperekeze ku South Africa kudzera ku Harare ndi Polokwane. Za laisensi, kalata ya dokotala ndi inshuwalansi sindinena, aliyense amene ali ndi ndege akuzidziwa.

Nkhani ili pa chilolezo. Kuchoka Blantyre kukafika Harare ndi makilomita pafupifupi 480, ndipo pakati pake mumadutsa pamwamba pa chigawo cha Tete ku Mozambique. Simungangodutsa ayi. Pamafunika chilolezo chodutsira mumlengalenga mwawo, china chotera ku Zimbabwe, chilichonse ndi nambala yake ndi masiku ake. Ine ndinapereka ntchitoyi kwa kampani ina yomwe imayendetsera anthu zimenezi. Ndinawatumizira mapepala onse a ndege kutatsala sabata ziwiri, ndalama ndinalipira m'madola, ndipo mukudziwa nokha mmene dola imavutira kuipeza kwathu ku Malawi. Usiku woti mawa ndinyamuka, ananditumizira manambala okhaokha pa WhatsApp, ati zonse zili m'chimake.

Musadzalole zimenezo. Uzani munthu akutumizireni chikalata chenichenicho, muchiwerenge chilembo ndi chilembo.

5 koloko m'mawa ndinali kale pabwalo, kuzizira kwa June kukulowa mpaka m'mafupa. Ndinathira mafuta, nkukhetsa pang'ono m'kabotolo kuchokera pansi pa phiko lililonse. Mafuta a ndege zazing'ono ngati yathuyi, Avgas 100LL, amakhala abuluu, ndipo ngati muli madzi amakhala pansi ngati timikanda. Ndinapeza timadontho tiwiri kuphiko lamanzere, ndinakhetsabe mpaka atayera. Ndege ikagona panja matanki ali theka usiku wozizira, zimenezi zimachitika. Pasipoti anadinda, General Declaration (fomu yonena za ndege ndi anthu amene akwera) anadinda, katundu anamuona. Nditafika polemba flight plan, pepala lofotokozera owongolera ndege njira ndi nthawi ya ulendo, mayi wa pa desikipo anandipempha chikalata cha chilolezo. Ndinaimbira a kampani aja, anachitumiza monyinyirika, mayiyo nkuchiyang'ana pafoni yanga kanthawi ndithu.

"Bambo, ndege yalembedwa apayi si yanu."

Pa nambala ya ndege, pambuyo pa 7Q (chiyambi cha nambala za ndege za ku Malawi), pomwe pamayenera kukhala N, a kampani aja analemba M. Pa wailesi N timamutchula November, M timamutchula Mike, ndipo izi ndi ndege ziwiri zosiyana. Mayi amene uja ndimuthokoza mpaka kalekale, chifukwa akanapanda kuona, ndikanakadziwira pamwamba pa Zambezi, kapena ndege itagwidwa kudziko la eni.

Tsiku limenelo ndi lomwe likundipweteka. Ndinaimba 7 koloko: "Bwana, kanthu kakang'ono aka, tipatseni mphindi 30." 9 koloko, amene amasayina watuluka. 11 koloko foni osayankha. Ndinakhala pa tayala la ndege nditafunda jekete, kuona ndege zazikulu zikutera ndi kunyamuka, kumwamba kuli mbee, Michiru akuoneka ngati ungamugwire ndi dzanja. Nyengo yabwino chonchija kuitaya chifukwa munthu walephera kukopera zilembo zitatu kuchokera pa satifiketi yomwe ili patsogolo pake! Chikalata chokonzedwa chinabwera 3 koloko itadutsa. Mu June dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko, ulendo wa ku Harare pa liwiro la kandege kathu ndi maola oyandikira atatu, ndipo ine ndimauluka masana okha, poona pansi ndi maso. Ndinakankhira ndege pamalo pake nkuimangirira.

Ndaiwala kunena za mafuta. Imbani foni pabwalo lililonse lomwe mukatere, mufunse ngati Avgas alipo tsiku limenelo, osati ngati amakhalapo. Jet A-1, mafuta a ndege za jeti, savuta kumupeza koma injini yathuyi samwa ameneyo. Imadya malita pafupifupi 30 pa ola, ndiye werengerani bwino. Oilo tengani wanu, ndi mapulagi angapo apadera, poti injiniyi ili nawo 12 ndipo apansi amakonda kudetsedwa ndi mtovu wa m'mafutamo.

Kutacha chiperoni chinali chitalowa. Amene amakhala ku Blantyre safuna kufotokozeredwa: mitambo yochokera kum'mwera chakum'mawa yakwirira Soche ndi Ndirande, kamvula kowaza kosalekeza. Chinakhala masiku atatu. Tsiku lililonse ndinkapita ku Chileka m'mamawa, kuyang'ana kumwamba, kufunsa a zanyengo, kubwerera. Mnzanga amene tili naye ndegeyi, wamkulu kwa ine, anandiimbira: "Achimwene, musayerekeze kulowa pansi pa mitamboyo, mapiri sasuntha." Ndinamvera.

Kenaka kumwamba kutayera, masiku a chilolezo chija anali atatha. A kampani aja, osachita ndi manyazi omwe, anati ndilipirenso ndalama yonse, m'madola. Ndinawakumbutsa kuti chilembo analakwitsa ndi iwo. Ati nyengo si vuto lawo. Tinakangana mpaka mawu anandithera, koma ndege imayenera kupita ndipo amakaniko anali atatisungira malo. Ndinalipira. Ulendo uno ndinakana kuchoka pafoni mpaka chikalata chitafika, ndinachisindikiza papepala, nkuwerenga mokweza nambala ya ndege, tsiku, njira, dzina langa. Onaninso nthawi: zonse za ndege zimalembedwa mu UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi, ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye 6 koloko yathu ndi 0400 papepalapo.

Ulendo weniweniwo unayenda bwino. Nditawoloka Shire mpweya unali ukadali wachinyontho, injini inayamba kutsokomola pang'ono, liwiro lake likutsika. O-300 imadziwika ndi kuundana madzi mu kabuleta. Ndinakoka carb heat, kachitsulo kolowetsa mpweya wotentha mu kabuleta, inakhosomola kawiri nkuyambanso kulira bwino. Zambezi anaoneka kutsogolo, wotambalala, mchenga uli mbuu m'mbali. Owongolera ndege a mbali imeneyo atandifunsa nambala ya chilolezo, pepala linali pabondo panga, ndinangowerenga.

Amakaniko akuti injini itenga miyezi iwiri. Chilolezo chobwerera ndidzalemba ndekha, ndipo fomu ndaitenga kale.