Kabotolo ka chivindikiro chotuwa

Pofika sabata yachitatu ya maphunziro anga a pantchito mu labu ya chipatala kuno ku Kasungu, ndinali nditayamba kudzimva ukatswiri. Malungo, makhololo a TB, kuchuluka kwa magazi, zonsezi manja anali atazolowera. Lachinayi masana kunabwera anthu atatu a banja limodzi, matenanti a pa esiteti ina ya fodya. Tameki amene anatchera makoswe m'nyumba anagwera mu ufa. Onse atatu thukuta kamukamu, dovu chuchuchu, kamwana ka m'diso katachepa ngati nsonga ya singano.

Ku wodi anayamba kuwabaya atropine, mankhwala olimbana ndi poizoni wotereyu, osadikira ife, ndipo n'koyenera: wodwala wotere sadikira zotsatira za ku labu. Ine anandituma kukatenga magazi. Mwaphuma ndinatola kabotolo ka chivindikiro chotuwa, kamene timagwiritsa ntchito poyeza shuga. Bambo amene amatiyang'anira anangondigwira mkono.

"Mukufuna kuyeza shuga kodi, achemwali?"

Ndinachita manyazi, chifukwa yankho ndinkalidziwa, kungoti linatsalira m'kope. Tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb, amatsekereza enzayimu ya cholinesterase, imene imathandiza kuti minyewa igwire bwino ntchito, ndiye tikamayeza timafuna kuona kuti enzayimuyo yatsika bwanji. Koma m'kabotolo kotuwa muli fluoride, amenenso amaitsekereza. Ndikanapeza kuti yatsika, inde, koma osadziwa ngati waitsitsa ndi poizoni kapena kabotolo kanga. Koyenera ndi ka chivindikiro chapepo, ka EDTA, kapena kobiriwira ka heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana.

Chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo ndi china. Aldicarb ali m'gulu la carbamate, ndipo mosiyana ndi ma organophosphate, monga pirimiphos-methyl wa mu Actellic amene timathira m'chimanga, iye sakakamira. Amaigwira enzayimu ija kenako n'kuitaya yekha pakapita maola. Zimenezi sizichitika m'thupi mokha, zimapitirira ngakhale m'kabotolo. Ndiye taganizani magazi atakhala pa benchi kukutentha kwa Okutobala, kudikira galimoto yopita ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100. Akafika kumeneko enzayimu yabwerera mwakale, pepala likuti munthu alibe vuto, pamene munthuyo anatsala pang'ono kutisiya. M'kalasi tinkangoloweza kuti "sungani pozizira". Chifukwa chake ndachimvetsa tsopano.

Madzulo ndinawerenga malangizo a bungwe la zaumoyo la CDC la ku America okhudza ngozi za mankhwala zokhudza anthu ambiri. Amati munthu wamkulu atengedwe timabotolo titatu tapepo ta 4 mL, kenako kamodzi kobiriwira kapena kotuwa ka mayeso ena, ndipo tilembedwe manambala motsatira mmene tadzazidwira. Magazi azizire koma asaume, mkodzo wokha ndiwo uumitsidwe. Chinandiseketsa poyamba n'chakuti amati mutumizenso timabotolo tiwiri topanda kanthu, tosatsegula, ta lot number yomweyo, kutanthauza topangidwa gulu limodzi ndi ta magazi tija. Kutumiza botolo lopanda kanthu pamene tikulira kuchepa kwa zipangizo! Koma nzeru yake ndi yakuti akapeza mankhwala achilendo, athe kutsimikiza kuti sanachokere m'botolomo kapena m'njira. Za kutumiza mkodzowo pa dry ice, ayezi wozizira kwambiri, ndinangodumpha. Ife chathu ndi cool box ndi ma ice pack, komanso kupemphera kuti magetsi asathime.

Za chitetezo chathu aphunzitsi ankakonda kutchula za ku Tokyo mu 1995, pamene ena mwa ogwira ntchito m'chipatala anadwala ndi sarin, mpweya wapoizoni, amene anabwera pa zovala za odwala. Ndinkaziona ngati za kutali. Komatu mapiritsi a aluminium phosphide ofukizira chimanga alipo konkuno, ndipo masanzi a munthu amene wawameza amatulutsa mpweya wapoizoni wa phosphine. Aldicarb nayenso amalowa pakhungu. Magolovesi ndinavala awiriawiri, ndipo kunja kwa kabotolo kalikonse ndinapukuta ndisanakaike m'thumba lake.

Pa fomu ndinalemba nthawi yeniyeni yotengera magazi, 2:40, mankhwala amene anali atalandira kale, ndi dzina la poizoni amene tikumuganizira. Bambo aja anaiwerenga kawiri, n'kundibwezera cholembera.

"Dalaivala akabwera asayinenso apa, ndipo alembe nthawi imene wanyamula."