Masheya ndagula, koma bilu ya madzi inandidyera tsiku

Amene mukufuna kuyamba kugula masheya, imvani ichi musanakwere minibasi: konzani kaye umboni wa kumene mumakhala. Zinazo n'zopepuka.

Ku Malawi Stock Exchange, ku Blantyre kuja, simungangolowa ndi ndalama m'thumba n'kunena kuti ndipatseniko masheya a Illovo. Mumadzera kwa broker, kampani yovomerezeka yogulira ndi kugulitsira anthu masheya. Iwowo ndi amene amakutsegulirani akaunti ya CSD, kaundula wa pakompyuta amene amasungidwa ku Reserve Bank, momwe mumalembedwa kuti uje ali ndi masheya akutiakuti. Chiphaso cha unzika, nambala ya akaunti yakubanki, fomu kudzaza, zonsezi zinatha tiyi asanazizire.

Kenako mayi wa padesiki anatenga bilu yanga ya madzi, n'kuiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Bambo, dzina lili apali si lanu."

Inde si langa, mayi. Ndimakhala ya lendi. Mpopi ndi umodzi pa mpanda wonse, mita ili m'dzina la a landilodi. M'matauni mwathu muno ndi angati amene bilu imabwera m'dzina lawo? Kodi munthu ayambe wamanga nyumba kuti agule masheya a K50,000? Iwo osatekeseka, amvekere bweretsani kalata ya eni nyumba yosainidwa pamodzi ndi fotokope ya chiphaso chawo, kapena kalata ya kuntchito yokhala ndi chidindo. Chondiwawa n'chakuti dzulo lake ndinaimba foni kufunsa zofunika, ndipo wondiyankha anangoti bwerani ndi bilu iliyonse. Iliyonse! Tsiku lantchito ndinapempha, thiransipoti ndinalipira, n'kubwerera ndi envulopu yanga momwemo. A landilodi nawo anali kumudzi ku maliro. Ndinapulumukira kalata ya kuntchito.

Choncho poimba foni musafunse kuti mukufuna chiyani. Nenani kuti ndine wa lendi, bilu si ya dzina langa, mulandira chiyani? Lembani ndi dzina la wakuyankhaniyo.

Wina afunsa kuti ndinkavutikiranji. Kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44% mu November 2023. Ndalama yongogona mu akaunti wamba imaoneka yomweyo papepala, koma ku golosale imagula zochepa mwezi ndi mwezi. Banki m'khonde ndi yabwino pa feteleza ndi fizi, koma ya zaka khumi sindingaisiye kumeneko.

Ndili pa benchi kwa broker kuja ndi pamene ndinamvetsa kuti broker sagulitsa masheya okha. Pali ma Treasury bill, uko n'kukongoza boma ndalama kwa masiku 91, 182 kapena 364, chiwongola dzanja mumachidziwiratu. Ma Treasury note ndi chimodzimodzi koma a zaka zingapo. Pali ma unit trust, kumene ambiri mumasonkha ndipo akatswiri amakusankhirani kokaika, iwo n'kumadulapo kawo. Sheya ndi ina: mwagula kachigawo ka kampani. Ikapindula ikhoza kugawa dividendi, lomwe ndi gawo lanu la phindulo, mtengo ukakwera mwadya bwino, ukatsika palibe wokupepesani. Airtel Malawi polowa pamsika mu 2020 sheya inali K12.69, ya FDH Bank chaka chomwecho inali K10. Ndiye zoti izi n'za mabwana okhaokha zisiyeni. NICO inalowa kalekale mu 1996, ife tili kutulo.

Ndatsala pang'ono kuiwala za malipiro. Broker amadula komishoni pogula, adzadulanso pogulitsa, pamwamba pake pali VAT, ndipo dividendi imafika msonkho utachotsedwa kale. Funsani kuti pa ndalama yanuyo adula zingati, akulembereni. Musadabwenso ngati mwaika oda lero koma osagulidwa. Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake safika 20, ndipo pafunika wina wofuna kugulitsa pa mtengo wanuwo. Yanga inadikira ndithu. Pogulitsa zingachedwenso choncho, ndiye ya lendi kapena ya chipatala musaikeko.

Dzina la pa chiphaso lifanane ndi la kubanki, chifukwa dividendi imalowera kumeneko. Ndipo a lendi anzanga, kalata ya eni nyumba ija tengeranitu akadali m'tauni.