Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Nambala ya pa Fomu ya UI-19

Monga ndinafotokozera m'gawo lapitalo, fakitale ya mipando imene ndinkagwirako ntchito ku Germiston, pafupi ndi Johannesburg, inachepetsa antchito kumayambiriro kwa chaka cha 2022, ndipo ine ndinali m'gulu la amene ntchito inawathera. Zaka zonse zimene ndinali kumeneko, pepala la malipiro linkaonetsa kandalama kodulidwa mwezi ndi mwezi kopita ku UIF, thumba la boma la South Africa lothandiza anthu amene achotsedwa ntchito. Wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, abwana n'kuonjezerapo 1 peresenti ina. Popeza kwathu ku Malawi kulibe thumba lotere, ambiri a ife kuno ku Joni timangoliona ngati msonkho wina, osadziwa kuti ndalamazo zili ndi tsiku lake lobwerera.

Ndinapita ku ofesi ya zantchito nditanyamula chiphaso changa, fomu ya UI-2.8 yodindidwa ndi banki, ndi fomu ya UI-19 imene abwana amalemba wantchito akamachoka. Pa nkhani ya chiphaso ndinali ndi mwayi, chifukwa chilolezo changa chokhazikika m'dzikoli chinandipatsa nambala ya manambala 13 ngati ya nzika. Abale athu ambiri ogwira ntchito m'makomo ndi m'minda ya maluwa sanalembetsedwe n'komwe, ngakhale kuti antchito apakhomo analowetsedwa m'thumbali kuyambira mu 2003, malinga ngati amagwira maola osachepera 24 pamwezi.

Mayi amene anandilandira anayang'ana fomu ya UI-19 kwa kanthawi, kenako anaitembenuzira kwa ine n'kuloza ndi cholembera kabokosi kakang'ono kakumapeto kwa mzere wa dzina langa. M'kabokosimo munalembedwa 6. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, kodi ntchito munasiya nokha?" Nditakana, anandionetsa mndandanda umene uli m'munsi mwa fomuyo, pamene chifukwa chilichonse chochokera pantchito chili ndi nambala yake: 4 ndi wochotsedwa, 5 ndi amene kontrakiti yake yatha, 6 ndi wosiya yekha, 11 ndi wochotsedwa pochepetsa antchito, ndipo 13 ndi wothawa ntchito. Munthu wosiya ntchito mwa kufuna kwake salandira kanthu ku UIF, pokhapokha bungwe la CCMA, loweruza mikangano ya pakati pa antchito ndi mabwana, litapeza kuti abwana anamuzunza mpaka kumukakamiza kuchoka.

Apa ndi pamene ndimaona kuti dongosololi lili ndi mbali yofooka. Ndalama zimadulidwa kwa wantchito, koma mawu otsegulira kapena kutsekera chitseko amalemba ndi munthu yemweyo amene wamuchotsa ntchito, ndipo nthawi zina munthuyo amakhala ndi phindu polemba zabodza. Lamulo limati wochotsedwa pochepetsa antchito alandire malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene wagwira, pamene wosiya yekha salandira zimenezi. Kaya kalaliki wa kufakitale analakwitsa chabe kaya anatumidwa, nambala 6 inkawapulumutsira ndalama abwana n'kundimana ine kawiri.

Chimene chinandithandiza ndi kalata imene anatipatsa tonse asanatichotse, yotchula ndime 189 ya lamulo la ubale wa olemba ntchito ndi antchito. Ndinabwerera nayo kufakitale pamodzi ndi mkulu wina wa ku Mzimba amene tinachotsedwa limodzi, ndipo iye ali panjira anandilangiza kuti, "Achimwene, musakakweze mawu, mukangoika kalatayo patebulo n'kuwakumbutsa kuti masiku 30 okadandaula ku CCMA sanathe." Zinayendadi momwemo. Kalalikiyo anawerenga kalata ija osakweza maso, anatulutsa fomu yatsopano, ndipo m'kabokosi muja analembamo 11.

Zotsalazo zinali za kudikira. Ndinalembetsa ngati wofunafuna ntchito, chifukwa thumbali limathandiza okhawo amene ali okonzeka kugwira ntchito ikapezeka, ndipo ndinkasainira pa masiku amene anandiikira kutsimikiza kuti ndikadali paulova. Masiku olandirira amawerengedwa motere: tsiku limodzi pa masiku anayi alionse amene munthu wagwira ntchito, osapitirira masiku 365 pa zaka zinayi zomalizira. Ndalama zake zimakhala pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro akale, wolandira zochepa ndiye amapatsidwa peresenti yokwera, ndipo pakadutsa masiku 238 zimatsika kufika pa 20 peresenti. Pempho liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi 12 chichokereni pantchito.

Ndalama zoyamba zitalowa kubanki zinakwanira lendi ndi chakudya, koma zotumiza kumudzi sizinapezeke, ndipo mayi anga sindinali nditawauza kuti ntchito inatha. Mmene ndinawauzira nkhaniyi ndidzafotokoza m'gawo lotsatira.