Mphindi 30 zimene zinandiphunzitsa kukonzekera intavyu ya ntchito ya mneneri

Nditamaliza maphunziro anga a utolankhani ndi kufalitsa nkhani mumzinda wa Blantyre, ndinkaganiza kuti chovuta pofuna ntchito ndi kuitanidwa ku intavyu, ndipo kuti munthu akangoitanidwa chotsala n'kusita malaya ndi kubwereza zimene analemba m'kope ali m'kalasi. Ntchito imene ndinkaifuna ndi imene m'maofesi amangoitchula mwachidule kuti PR, yosamalira ubale wa bungwe ndi anthu, ngakhale ambiri kuno kwathu amaidziwa kuti ndi ntchito ya mneneri. Agogo anga atamva kuti ndikufuna kukhala mneneri anandifunsa kuti ndi wa mpingo uti, ndipo zinanditengera nthawi kuwafotokozera kuti uneneri wanga ndi woyankhula m'malo mwa kampani pamene atolankhani afika ndi mafunso.

Kampani yoyamba kundiitana inali yonyamula katundu, ku Lilongwe. Sabata yonse ndinaloweza mitundu inayi ya ntchito ya PR imene akatswiri a ku America, James Grunig ndi Todd Hunt, anafotokoza mu 1984, kuyambira pa kungokopa anthu ndi phokoso mpaka pa kukambirana kumene bungwe limamvetsera ndi kusintha. Palibe amene anandifunsa za zimenezi. Nditangokhala pansi, bambo wina mwa anthu anayi amene ankandifunsa anandikankhira pepala ndi cholembera, n'kunena kuti galimoto ya kampani yagunda mwana wasukulu pamsewu wa M1, mwanayo ali kuchipatala, chithunzi cha galimotoyo chafala kale pa WhatsApp, ndipo mtolankhani akufuna yankho isanakwane 4 koloko. Anandipatsa mphindi 30 kuti ndilembe chikalata chopita kwa atolankhani.

Ndinayamba ndi mbiri ya kampaniyo, zaka zimene yakhala ikutumikira Amalawi ndi mmene imaphunzitsira madalaivala ake, ndipo mwana uja anatulukira m'ndime yachitatu. Mayi amene ankatsogolera gululo anawerenga mwakachetechete, kenako anavula magalasi n'kundifunsa modekha kuti, “Achimwene, mukanakhala kuti ndinu kholo la mwanayu, mukanawerenga mpaka ndime yachitatu?” Ndisanapeze yankho, anandipempha kuti ndinene uthenga womwewo m'Chichewa ngati kuti ndili pa wailesi. Apa ndiye ndinachita chibwibwi, pakuti ine amene ndinakulira m'Chichewa ndinapezeka ndikusakaniza ndi Chingerezi chiganizo chilichonse, ndipo mawu osavuta akuti “tapepesa” sanatuluke n'komwe. Ntchitoyo sindinaipeze, ndipo ndikaganiza bwino, nanenso sindikanadzilemba.

Ulendo wobwerera pa basi unali wautali mokwanira kuti ndizindikire kuti pa ntchito imeneyi intavyu si mayeso a zimene munthu akudziwa za ntchitoyo ayi, koma ndi ntchito yeniyeniyo imene yayamba kale. Wofuna ntchito yowerengera ndalama akhoza kunjenjemera poyankha koma n'kulembedwa chifukwa mabuku ake amalondola. Wofuna kukhala mneneri akamanjenjemera pamaso pa anthu anayi, iwo amakhala akudzifunsa kuti adzatani pamaso pa makamera khumi tsiku limene zinthu zavuta.

Chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti yankho ndinali nalo kale m'makope anga. Tinaphunzira za Ivy Lee, mmodzi mwa oyambitsa ntchito ya PR, amene mu October 1906, sitima ya pamtunda itachita ngozi ku Atlantic City ku America n'kupha anthu oposa 50, analangiza kampani ya sitimayo, Pennsylvania Railroad, kuti isabise kanthu, itulutse chikalata chofotokoza zimene zachitika ndi kulola atolankhani kufika pamalo a ngoziyo. Tinaphunziranso za kampani ya Johnson & Johnson, imene mu 1982, anthu 7 atamwalira ku Chicago chifukwa chomwa mankhwala a Tylenol amene munthu wina anathiramo poizoni, inachotsa pamsika mabotolo pafupifupi 31 miliyoni ndi kuchenjeza anthu kuti asamwe mankhwalawo. Nkhani ziwirizi ndinazilemba pa mayeso ndipo ndinakhoza, koma ndinaziloweza ngati zaka ndi mayina chabe, osaona kuti zonse zikunena kuti bungwe liyambe ndi munthu amene wapwetekedwa, linene zimene likudziwa, ndipo linene zimene likuchita.

Kuchokera pamenepo ndinasintha kakonzekeredwe kanga. M'mawa uliwonse ndinkatenga nkhani imodzi ya m'nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times imene ikukhudza bungwe lina lililonse, kaya ndi ya kusowa kwa mafuta, kuzima kwa magetsi kapena kukwera kwa mitengo, n'kudziyesa mneneri wa bungwelo. Ndinkaika wotchi patebulo n'kulemba chikalata cha ndime zinayi m'mphindi 20, kenako n'kuchinena m'Chichewa ndikudzijambula mawu pa foni. Kudzimvera wekha n'kowawa. Ndinapeza kuti ndimayamba pafupifupi yankho lililonse ndi mawu akuti “kwenikweni”, kuti ndimathamanga ndikafika pa manambala, ndiponso kuti liwu langa limazilala kumapeto kwa chiganizo, pomwe pamakhala mfundo yofunika.

Gawo la Chichewa ndi limene linandipatsa ntchito yaikulu, ndipo ndikuona kuti ambiri a ife timalinyalanyaza. Timaphunzira ntchitoyi m'Chingerezi, timalemba CV m'Chingerezi, koma anthu ambiri amene bungwe likufuna kuwafikira amamva uthenga wake pa Zodiak, pa MBC kapena pa wailesi za m'madera, m'chiyankhulo chawo. Ndinayamba kumvetsera mosamala mmene aneneri a polisi ndi a zaumoyo amayankhulira pa nkhani za madzulo, makamaka ndikakumbukira nthawi ya mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 komanso ya namondwe Freddy mu March 2023, pamene kumveka bwino kwa uthenga kunali nkhani ya moyo wa anthu. Amene ankamveka bwino sanali omasulira Chingerezi liwu ndi liwu. Anali amene ankanena kuti madzi afika pati, anthu apite kuti, ndipo aimbe nambala iti. Ndinatsegula tsamba lapadera m'kope langa lolembamo mmene ndinganenere zinthu za mu ofesi m'mawu amene mayi wogulitsa tomato ku Limbe angamve ulendo umodzi, ndipo woyesa wanga anali azakhali anga, amene akapanda kumva amangoti, “Mwana iwe, ukuti chiyani kodi?”

Kufufuza za bungwe lokuitana aliyense amakudziwa, choncho sindikhalitsapo. Ndingowonjezera kuti kwa wofuna ntchito ya PR sikokwanira kuwerenga zimene bungwe limadzinenera lokha pa intaneti. Ndinaphunzira kuwerenga madandaulo a anthu pa tsamba lake la Facebook ndi kuona ngati limawayankha, chifukwa pamenepo ndi pamene pali ntchito imene akufunira munthu. Ngati bungwelo ndi la boma, m'pofunikanso kudziwa lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2016 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, pakuti mafunso a atolankhani ndi nzika tsopano ali ndi lamulo kumbuyo kwake.

Panali chinthu china chimene sindinachiyembekezere, ndicho kuvutika kunena zabwino za ine mwini. Tinaleredwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo, ndipo pamaso pa akuluakulu munthu amayang'ana pansi. Mphunzitsi wanga wakale, amene anavomera kundiyesa masana ena mu ofesi yake, anandiimitsa nditanena kachitatu kuti “tinayesetsa ndithu”. Anati ofunsa safuna kumva kuti ndine wolimbikira, koma akufuna kumva chimene ndinachita ndi chimene chinatsatirapo. Ndiye ndinasiya mawu odzichemerera ndi odzichepetsa omwe, n'kuyamba kufotokoza ntchito yeniyeni: kuti pamene ndinkaphunzira ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi ndinalemba chikalata choitanira atolankhani ku chionetsero cha mbewu, ndinaimbira akonzi foni mmodzimmodzi, ndipo nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Zimene zinatulukazo ndinazisunga m'fayilo ya pulasitiki imene tsopano ndimapita nayo kulikonse kumene ndaitanidwa.

Mphunzitsi yemweyo ndi amene anandiponyera funso la chipondamthengo, kandalama kamene ena amapatsa atolankhani akabwera ku msonkhano. Anandifunsa chimene ndingachite mtolankhani atanena kuti nkhani yathu siituluka popanda kenakake, ndipo abwana anga akufuna kuti ituluke mawa. Ndinayankha mofulumira kuti ndingakane, iye n'kuseka, nati yankho lotere ndi la munthu amene sanakhalepo pakati pa mtolankhani ndi bwana. Tinakambirana nthawi yaitali za kusiyana kwa kubweza ndalama ya mayendedwe imene yalembedwa poyera ndi kugula nkhani mobisa. Maganizo anga sanasinthe, ndimaonabe kuti nkhani yogula imawononga onse awiri, koma tsopano ndimatha kufotokoza mmene ndingauzire abwana zimenezo ndi njira zina zimene ndingafikitsire uthenga kwa anthu.

Intavyu yachiwiri inali ku bungwe lina la zaumoyo ku Zomba, patapita miyezi inayi. Anandipatsanso nkhani yoti ndilembe, ndipo chiganizo changa choyamba chinali cha odwala amene anakhudzidwa. Chakumapeto, bambo wina anadziyesa mtolankhani n'kundipanikiza kuti nditchule chiwerengero cha anthu amene bungwelo linathandiza chaka chatha. Nambala ina inabwera pamilomo, koma sindinali wotsimikiza, choncho ndinati, “Pepani bambo, chiwerengero chenicheni ndilibe pakadali pano, koma ndikachipeza kwa oyang'anira ntchitoyi ndipo ndikuimbirani isanakwane 2 koloko.” Anandiyang'ana kanthawi, analemba kenakake papepala lake, n'kuuza mnzake kuti apitirize ndi funso lotsatira. Kalata yondiitana kuti ndikayambe miyezi itatu yoyeserera inafika patatha masabata awiri, ndipo pa tsiku langa lachitatu mu ofesi foni inalira, mtolankhani wa wailesi akufuna yankho m'Chichewa isanakwane nthawi ya nkhani za masana.