Mmene ndinalembetsera chizindikiro chathu kwa a kasitomu

Titazindikira kuti nsapato zachinyengo zokhala ndi dzina la kampani yathu zikulowa kudzera padoko, ndinkaganiza kuti satifiketi ya chizindikiro chathu cha malonda inali yokwanira kuti a kasitomu azigwire. Loya wathu anandiuza kuti ofesi yolembetsa zizindikiro ndi ina, ya kasitomu ndi inanso, ndipo wogwira ntchito padoko sangateteze chinthu chimene sanachimvepo.

Ndinayamba ndi kutsimikiza kuti chizindikirocho chinalembetsedwa m'dziko limene katunduyo amalowamo, pakuti ufulu umenewu umathera m'malire a dziko limene unaperekedwa, komanso kuti chili m'gulu loyenera. Pa magulu 45 a dongosolo la Nice, limene mayiko amagwiritsa ntchito pogawa katundu ndi ntchito m'magulu polembetsa zizindikiro, nsapato zili m'gulu 25. Kenako ndinadzaza fomu yopempha a kasitomu kuti azigwira katundu wachinyengo, n'kuphatikiza satifiketi ndi kalata yopatsa loya mphamvu yotiimira. Malipiro amasiyana: ku European Union pempholi ndi laulere koma limagwira ntchito chaka chimodzi, pamene ku United States amalipiritsa madola 190 pa gulu lililonse.

Chimene chinanditengera nthawi, ndipo ndimaona kuti ndiye mtima wa nkhani yonse, ndi kabuku kophunzitsa a kasitomu kusiyanitsa zenizeni ndi zachinyengo. Munthu amene watsegula kontena ali ndi mphindi zochepa, ndipo nsapato zathu sanazigwirepo. Ndinaika nsapato ziwiri pathebulo n'kuzijambula pafupi kwambiri: yathu ili ndi mizere iwiri ya ulusi kuchidendene, yachinyengo ili ndi mzere umodzi wokhotakhota, ndipo guluu wake watulukira m'mbali. Ndinalembamonso mafakitale amene amatipangira, amalonda amene tinawaloleza kuitanitsa katundu, ndi madoko amene timagwiritsa ntchito, kuti katundu wobwera mwa njira ina aziwakayikitsa msanga.

Anandisainitsanso chikalata cholonjeza kuti tidzalipira ndalama zosungira ndi zowonongera katundu wogwidwa, ndiponso kuti tidzabwezera woitanitsa ngati tamuimitsira katundu popanda chifukwa. Sindinadandaule nazo, chifukwa wamalonda wosalakwa sayenera kuvutika kaamba ka kufulumira kwanga.

Uthenga woyamba wakuti agwira makatoni utafika, nthawi inayamba kuwerengedwa pomwepo. Mgwirizano wa mayiko wa TRIPS, woteteza zinthu monga zizindikiro za malonda, umene unayamba kugwira ntchito mu 1995 pansi pa bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO, umapereka masiku 10 a ntchito kuti mwini chizindikiro adziwitse a kasitomu kuti wayambitsa mlandu, ndipo nthawi zina amawonjezera ena 10. Akapanda kutero, katunduyo amamasulidwa. Ndinapita tsiku lotsatira, ndinatulutsa nsapato imodzi m'katoni, ndipo nditaitembenuza ndinaona mzere umodzi uja. Ndinalemba kalata yotsimikiza madzulo omwewo, loya n'kukasuma sabata isanathe. Khoti linalamula kuti nsapatozo ziwonongedwe, pakuti kungomatula chizindikiro sikukwanira kuti zibwererenso pamsika.