Zikomo kwa inu amene munatitsegulira zitseko

Lachisanu lapitali ine ndi anzanga 5 tamaliza miyezi 6 yophunzira kusamalira odwala m'makomo mwawo kuno ku Zomba. Tonse ndife anamwino ongotuluka kumene kusukulu. Sindikufuna kuti nkhaniyi ingothera pa zithunzi za setifiketi, chifukwa pali anthu ambiri amene anatinyamula ndipo pazithunzipo palibe.

Nditakhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi ndinkaona ngati ntchito ndaidziwa. Ya mu wodi ndinkaidziwadi: bedi lokwera, magetsi, madzi a pampopi, dokotala ali pafupi. Koma wodwala akatulutsidwa ku chipatala cha Zomba Central, kumene ankapita sindinkakuganizira.

Oyamba kuwathokoza ndi Asisita amene ankatiphunzitsa. Dzina sinditchula, sakonda zotamandidwa pagulu, koma akudzidziwa. Tsiku langa loyamba tinapita kumudzi wina kutsidya kwa Likangala, kwa agogo aakazi amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko. Ine ndinalunjika pakhomo magolovesi ali kale m'manja. Asisita anandigwira pamkono mwakachetechete. "Mwana wanga, kuno si ku wodi. Vula zimenezo. Nena odi, udikire akuyalire mkeka, upereke moni kaye." Tinakhala pakhonde kufunsana za mvula ndi za kumunda. Apo mpamene mpongozi wawo anamasuka n'kutiuza zimene mu kabuku ka kuchipatala munalibe: kuti agogo akukana phala chifukwa likuwatsamwa, ndiponso kuti ali ndi chilonda pachiuno chimene banja linkachita nacho manyazi.

Pobwerera Asisita anandiuza kuti mlendo ndi mame. Ife timafika, ola limodzi tapita. Wotsala ndi wodwala usiku wonse ndi gadiyani, ndiye ngati iyeyo sitinamuphunzitse, palibe chimene tachita.

Ndiye kwa inu Amayi, mpongozi wa agogo aja, zikomo kwambiri. Tinakuonetsani kamodzi kokha kutembenuza wodwala pa maola 2 aliwonse, kupinda chitenje n'kuika pakati pa mawondo, kutsuka chilonda ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, ndi kuwakhazika tsonga powamwetsa phala. Inu munatchera alamu pa kafoni kanu ka mabatani, n'kumadzuka ngakhale pakati pa usiku, m'mawa n'kulawirira kumunda. Tsiku limene tinapeza chilonda chija chatseka, khungu latsopano lamera, munandigwira dzanja osalankhula kanthu. Ine ndinakalirira panjira. Chilondacho munachipoletsa ndinu.

Si onse anachira. Kumbali ya Jali kunali mayi wina wa khansa ya khomo la chiberekero, amene matenda anali atafika patali. Kumeneko ndinaphunzira kuyeza morphine wa madzi pa maola 4 aliwonse, ndi kufotokozera abale kuti mankhwalawa ndi othetsa ululu, si ofulumizitsa imfa monga ena amaopera. Anamwalira pamkeka pawo, ana awo ali pambali, osabuula. Kwa bambo a pakhomopo, amene munatitumizira uthenga wa maliro ngati ndife abale: ulemu umenewo sindidzauiwala. Mulungu apitirize kukutonthozani.

Alangizi a zaumoyo, inu mumadziwa nyumba iliyonse, ndi amene wasiya kumwa ma ARV kapena mankhwala a BP. Popanda inu tikanangozungulira m'midzi. Mafumu amene munatilandira, amayi a mvano ndi amayi a ku mzikiti amene mumasinthana kukatunga madzi ndi kuchapa kwa odwala popanda malipiro, zikomo. Achimwene a kabaza amene munkatidikira pa Matawale, n'kutidutsitsa m'matope a mwezi wa February chikwama cha mankhwala chili pamsana, nanunso zikomo.

Chimodzi chimandiwawa, ndipo ndichinena. Anamwino ena timamaliza sukulu tisanalowepo m'nyumba ya wodwala ngakhale kamodzi, pamene odwala sitiroko, shuga ndi khansa amakhala masiku ambiri kunyumba kuposa kuchipatala. Ndikanakonda mng'ono wanga aliyense amene akuphunzira unamwino, kaya kuno ku Zomba kaya ku Malosa, akanakhalako pamkeka umenewu asanavale yunifolomu ya ntchito.

Amayi anga ondibereka, munagulitsa mpunga wa ku Chilwa zaka zonse zija kuti fizi ipezeke, ndipo miyezi imeneyi munkandisungira nsima ndikafika usiku. Setifiketiyi ndikubweretserani Loweruka. Lolemba m'mawa ndikubwerera kutsidya kwa Likangala, chifukwa agogo aja ayamba kugwira okha supuni ndi dzanja lamanzere, ndipo anandiuza kuti ndikaone.